Ku Joni ndi kope m'thumba

Lachiwiri, pa Beitbridge

Ndikulemba nditakhalira chikwama pamthunzi wa basi, foni yatsala pang'ono kuzima ndiye zikathera panjira mudziwe kuti ndi batire. Tinanyamuka ku Blantyre dzulo m'mawa cha ku Wenela. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena kuti tikumane pa Wenela, ndatsikira pa Wenela, osaganizako n'komwe kuti dzinali ndi la bungwe lija linkalemba amuna opita ku migodi, WNLA, anthu n'kumalitchula mwawomwawo. Agogo anga aamuna, obereka mayi, anapita ku Joni kawiri kudzera kwa anthu amenewa. Dzulo basi ikutuluka m'tauni ndi pomwe zinandilowa kuti ndikuyambira pomwe ankayambira iwo.

Njira ndi yomwe ija mukuidziwa inu oyendayenda, Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete ndi mlatho wa pa Zambezi, Nyamapanda dzuwa litapendeka, Harare ndamudutsa ndili mtulo. Pofika ku Joni pasipoti ikhala itadindidwa kasanu n'kamodzi. Mayi amene ndakhala nawo mpando umodzi anyamula usipa, mpunga wa Kilombero ndi mabotolo a Sobo, akuti mwana wawo ali ku Turffontein chaka chachisanu ichi ndipo chimene amalira pa foni si ndalama ayi, ndi usipa. Usiku tili pakati pa Zimbabwe wina kumbuyo anayamba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi motsitsa, mayi aja n'kupolokoza, kenako pafupifupi theka la basi. Palibe anauza mnzake kuti iwe tenga besi. Zinangokwanirana zokha mumdima.

Chandiyendetsa n'chiyani? Sukulu tatsekera, mlongo wanga wakhala akundiitana zaka zambiri, komanso ndili ndi sewero lomwe landikanika kwa zaka zitatu, la munthu wopita ku mgodi. Ndalemba masamba 40 ndipo onse ndi ouma ngati chikuni. Ndati mwina ndikaona malo ake ndi maso china chake chimasuka.

Lachitatu, Mayfair

Ndafika. Kuzizira abale! Ogasiti wa kuno si wa ku Blantyre, mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndiye mphepo yake imalowa m'mafupa, milomo yasweka kale. Alamu anandichingamira ndi jekete m'manja, anadziwiratu kuti ndibwera ndi kajuzi kamodzi.

Mayfair ndi Fordsburg ukamayenda pansi umamva Chiyao, Chichewa, Chisomali, zilankhulo za ku India ndi Pakistan, zonse mumsewu umodzi. Pali anyamata a ku Mangochi ndi Machinga ambirimbiri, ena amasoka, ena ali m'masitolo, ena amaphika m'malesitanti. Mlongo wanga watiphikira nsima ya ufa wa kuno, woyera mbee koma wosakoma ngati wa kumudzi, ndiwo zake usipa womwe ndabwera nawo. Ana ake awiri anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chizulu kapena Chingerezi. Ndamufunsa wamkuluyo kuti umandidziwa ine? Wati "malume". Mawu amenewo ndi amodzi kuno ndi kwathu, ndinasangalala nawo kwambiri.

Madzulo alamu andiphunzitsa kakweredwe ka teksi. Chala m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, chala choloza pansi ndiye kuti wapafupi pompano. Mulibe kondakitala, ndalama zimayenda mzere ndi mzere kuchoka kumbuyo, ndipo wokhala kutsogolo ndi dalaivala ndi amene amawerengera chenji, ndiye akuti alamu musakakhale kutsogolo. Tinaseka. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Chinanso alamu, foni ikalira muli m'teksi musamayankhe m'Chichewa mokweza. Ingodulani, mukaimba mukatsika." Mlongo wanga anangoyang'ana m'mbale. Iwo anali kuno kale mu Meyi 2008 pomwe ziwawa zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, analinso kuno mu 2015 pomwe boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Sindinatsutse. Koma mawu amenewa ndagona nawo.

Lachinayi, Newtown

Lero ndayenda ndekha, ndipo ndaona chomwe ndinabwerera ngakhale sichinali momwe ndimaganizira.

Ku Newtown kuli kamyuziyamu kakang'ono kotchedwa Workers' Museum. Si nyumba yomangidwira alendo ayi, ndi komboni yeniyeni ya mu 1913 momwe ankagonamo amuna ogwira ntchito za mzinda, makamaka za magetsi. Sanali a mumgodi koma kagonedwe kake n'kamodzimodzi ndi komwe agogo ankasimba. Mabedi ake ndi a simenti, ogundana, kulekanitsidwa ndi kakhoma kakafupi, pamwamba pake matabwa pogona enanso. Ndinaika dzanja pa simentipo, kuzizira kwake ngati mwala wa mumtsinje m'mawa, ndipo apa ndi masana dzuwa lili phwee panja. Pambali pomwepo pali tinyumba tabwinobwino ta azungu oyang'anira. Akazi ndi ana sankaloledwa kukhala m'komboni. Munthu ankagona pamenepa miyezi ndi miyezi, mkazi ali kumudzi akulima yekha.

Agogo sankakamba zambiri. Chomwe tinkadziwa ife adzukulu ndi bokosi lawo lachitsulo lokhala ndi loko, jasi lalitali lakuda, galamafoni yomwe inali itafa kale pomwe ine ndimazindikira, ndi chifuwa. Ankatsokomola usiku wonse mpaka tinazolowera ngati kulira kwa tambala. Akakwiya ankatikalipira m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chija kuno amati Fanakalo, ife n'kumaseka chifukwa sitinkamva. Lero ndi pomwe ndaganiza kuti chilankhulo chimenecho chinali cholamulirana ntchito basi, bwera, nyamula, fulumira, ndipo munthu ankakhala nacho chaka ndi theka kapena ziwiri pansi pa nthaka. Zachisoni zake ankazinena m'chilankhulo chanji, ndipo ankauza ndani?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana itangonyamuka, n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo atamaliza kontalakiti. Taganizani, anthu oti apulumuka pansi pa nthaka, mabokosi alongedza, mphatso za ana zili m'kati. Kamuzu analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo, zinadzayambiranso patapita zaka zingapo dzina litasintha kukhala TEBA, ija makolo amati Theba, mpaka zinatheratu mu 1988. Za chifuwa cha fumbi la mgodi, khoti la kuno linadzavomereza mu 2019 mgwirizano wa R5 biliyoni woti makampani a golide alipire odwala ndi mabanja awo. Agogo anali atagona kalekale.

Ndimaphunzitsa ana zolembalemba zaka zambiri ndithu, ndipo ndikuuzeni, ngozi ya ku Francistown sindinaionepo pa siteji iliyonse kwathu. Anthu 74. Mudzi uliwonse uli ndi mtchona wake, nyumba iliyonse ili ndi bokosi lake lachitsulo, koma timangodutsa pa Wenela kukakwera minibasi.

Potuluka mphepo ya Ogasiti inali itayamba, fumbi lachikasu likuuluka kuchokera ku milu ya dothi la m'migodi ija imaoneka kumwera kwa mzinda ngati mapiri odulidwa pamwamba. Dothi limenelo linatuluka pansi ndi manja a anthu. Lina mwa ilo ndi manja a agogo.

Lachisanu usiku

Ndangofika kumene kuchokera ku Market Theatre ndipo tulo palibe, ndiye ndilembe zikadali zotentha.

Nyumbayi unali msika wa zipatso wa amwenye, womangidwanso mu 1913, ndipo mu 1976 Barney Simon ndi Mannie Manim anausandutsa malo a zisudzo. Chaka chomwecho chomwe apolisi anawombera ana a sukulu ku Soweto. Kuyambira pamenepo, m'nthawi ya tsankho ija, akuda ndi azungu ankasewera limodzi ndi kuonera limodzi muno, zomwe malamulo a nthawiyo sankafuna. Holo yaikulu pano imatchedwa dzina la John Kani, katswiri wa zisudzo wa kuno. Panja pali chiboliboli cha Kippie Moeketsi, katswiri wa saksofoni uja, wakhala pampando chida chake m'manja ndipo pambali pake pali mpando wopanda munthu. Ndinakhalapo kanthawi podikira nthawi yolowa.

Sewero lomwe ndaonera linali m'holo yaing'ono, anthu awiri okha pa siteji, katundu wawo benchi imodzi ndi bulangete. Basi. Benchi ija inali teksi, kenako bedi la kuchipatala, kenako bokosi la maliro, ndipo palibe anasokonezeka. Mnyamata mmodzi anasewera anthu mwina asanu ndi mmodzi pongosintha kaimidwe ndi mawu, akakhala gogo msana umapindika ndipo ngakhale kapumidwe kamasintha. Amalankhula Chizulu, Chisotho, Chingerezi, kusinthasintha pakati pa chiganizo momwe anthu amalankhulira mumsewu, osapepesa kwa wina aliyense. Ine Chizulu ndimangotolako mawu ofanana ndi athu, umuntu, inyama, imvula, koma sindinasochere ngakhale pang'ono. Thupi limanena, nyimbo imanena. Ndipo oonera kuno sakhala chete ngati ali pa mayeso, amayankha, mayi wina kumbuyo kwanga amangoti "yoh! yoh!" ndipo pena holo yonse inalowa m'nyimbo osapemphedwa, ngati basi ija ya usiku.

Kaseweredwe kopanda katundu aka si kachilendo pano. Woza Albert! ya Percy Mtwa, Mbongeni Ngema ndi Barney Simon inayambira muno mu 1981 ndi amuna awiri ndi mabokosi, n'kuzungulira dziko lonse lapansi. Umphawi wa zipangizo anausandutsa luso.

Ndiye ndili m'teksi pobwerera ndimaganiza za kwathu. Ifenso tinali nazo, musaiwale. Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata ankadzaza French Cultural Centre Lamulungu masana, a Kwathu ankasewera m'Chichewa anthu mpaka kuimirira m'mbali, Izeki ndi Jakobo ankangofunika iwo awiri basi. Ku Chancellor College kunali Travelling Theatre yomwe inkapita m'midzi. Ndipo tisanafike konseko, pabwalo la kumudzi gule akatuluka ndi chiyani ngati si zisudzo, ng'oma, chigoba, nyimbo, oonera akuyankha? Koma ine ndikamakonzekeretsa ana anga mpikisano ndimataya masabata awiri kusaka sofa, tebulo, makatani ndi suti ya abambo a m'sewero, ngati kuti popanda sofa anthu sakhulupirira kuti iyi ndi nyumba. Lero benchi imodzi yandiphunzitsa.

Foni inalira ndili m'teksimo, mkazi wanga. Ndinadula.

Loweruka

Tsiku la lero ndi lomwe ndidzalikumbuke pa ulendo wonsewu.

Pali mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi 4 zaka zapitazo. Sinditchula dzina. Anali mwini siteji, tinapita naye ku mpikisano wa ATEM uja wa masewero a Chingerezi m'masekondale, iye ndiye anali mfumu m'sewero lathu ndipo holo inagwa ndi m'manja. Mayeso anakhoza bwino ndithu koma ku yunivesite malo sanapezeke, fizi ya koleji ina panalibe, anagulitsako zovala za kaunjika, kenako ndinangomva kuti ali ku Joni. Ataona pa Facebook kuti ndabwera anandilembera, "Aphunzitsi, simungabwerere osandiona."

Amakhala kuseri kwa nyumba ya eni ake cha ku Rosettenville, kachipinda kamodzi anyamata atatu, sitovu ya mbale ziwiri pansi, zovala pa chingwe, matiresi awiri oimika kukhoma masana. Mkati mwa sabata amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za mabwana cha ku Randburg. Anandigulira nkhuku, ndinamuletsa koma anati mlendo ndi mame aphunzitsi, mawa mukhala mutapita. Manja ake ndi okhakhala tsopano, koma mawu ndi omwe aja.

Tikudya anaimirira mwadzidzidzi n'kuyamba kulakatula mawu a mfumu aja, Chingerezi chonse chija osaphonya ngakhale liwu limodzi, dzanja m'mwamba momwe ndinamuphunzitsira. Anzake anaomba m'manja. Iye anakhala pansi n'kunena kuti, "Ndimawakumbukira onse aphunzitsi, kungoti sindinapeze pomwe ndingawanene."

Kenako mnzake wina anati, auze aphunzitsi za ulendo wako woyamba uja. Anakana kaye, kenako anayamba. Abale inu. Anabwera opanda mapepala okwanira, kudzera kwa matransipota aja amalonjeza kuti ukafika bwinobwino. Anayamba kusimba atakhala, posakhalitsa anali ataimirira. Anakhala transipota wolankhula mokoma foni ziwiri m'manja. Anakhala mayi wa mwana kumsana akutseka kakamwa ka mwanayo ndi nsonga ya chitenje kuti asalire pomwe akudutsa m'tchire usiku. Anakhala mkulu wina wa ku Mzimba yemwe ankapemphera m'Chitumbuka njira yonse. Anakhala iye mwini akuvula nsapato m'mphepete mwa Limpopo, kuzimanga m'khosi ndi zingwe zake, ndipo momwe ananyamulira phazi kuliika m'madzi osaoneka aja pa simenti ya kachipinda kaja, tonse tinakweza mapazi. Tinaseka mpaka misozi pomwe amatsanzira transipota, kenako panafika poti mkulu wa ku Mzimba uja sanaonekenso kutsidya, ndipo m'chipinda munangoti zii. Mphika unali ukuwira pa sitovu, palibe anauyang'ana.

Mphindi mwina 25, m'Chichewa cha mumsewu chosakaniza ndi Chizulu chomwe watola kuno, popanda pepala. Sewero lomwe ndalilephera zaka zitatu linali patsogolo panga, ndipo wolisewera ndi mwana yemwe ine ndinamuphunzitsa kuti siteji ndi ya Chingerezi.

Apa ndinene chilungamo. ATEM sindikuinyoza, inatulutsa akatswiri ambiri ndipo Chingerezi chomwecho ndi chomwe chimamuthandiza mnyamatayu kumvana ndi mabwana ake. Koma ine ndi manja angawa ndinalembapo mayina a ana olankhula Chichewa pa sukulu kuti akatchetche udzu. Ndinkati ndikuwathandiza. Ndiye mwana ameneyu kusukulu tinamuuza kuti chilankhulo chako chisiye pa geti, wabwera kuno akumuuza kuti chilankhulo chako chisiye kunja kwa teksi. Nanga azikachilankhulira kuti mokweza?

Ndinamupempha kuti andijambulire nkhaniyo pa WhatsApp momwe waisimbiramo, asakonze kalikonse. Anaseka, akuti aphunzitsi zimenezi n'zocheza chabe. Ndinamuuza kuti ayi mwanawe, si zocheza.

Lamulungu

M'mawa tinapita kutchalitchi ndi mlongo wanga, mpingo wa Amalawi womwe umabwereka holo. Kuno ndiye Chichewa chimatuluka ndi mphamvu zake zonse, amayi a chitenje, makwaya atatu, zolengeza za maliro a uje yemwe thupi lake likuyenera kupita ku Ntcheu ndiye tisonkhe. Mbale inazungulira kawiri, yachiwiri ya malirowo, ndipo yachiwiriyo ndi yomwe inadzaza. Anthu omwe sabata yonse amayankhula motsitsa, lero amaimba mpaka mawindo kunjenjemera.

Masana kunyumba kunabwera achikulire ena anzawo a alamu, akhala kuno kuyambira kale, ali ndi gitala yakale yomatidwa ndi tepi. Tinakamba za nyimbo mpaka dzuwa kulowa. Iwo ndi amene anandikumbutsa kuti msewu uwu nyimbo zayendamo mbali zonse ziwiri. Kwela inabadwira m'misewu ya kuno m'zaka za m'ma 1950, anyamata oimba titoliro tachitsulo totchipa, Spokes Mashiyane ndiye anali dolo wake. Inafika kwathu ndi mbale za galamafoni m'mabokosi a matchona, ndipo kuno itazilala, ku Chileka Daniel ndi Donald Kachamba anaisunga n'kuipatsa kakomedwe kakekake mpaka kukaimba nayo ku Ulaya. Ngakhale dzinalo, kwela, ndi kwera wathu yemweyu. Mbali inayi, Ray Phiri wa gulu la Stimela, yemwe gitala yake imamveka m'chimbale cha Graceland cha Paul Simon, bambo omulera anali ochokera ku Malawi ndipo ankaimbanso gitala. Hugh Masekela naye mu nyimbo yake ija ya sitima yonyamula amuna opita ku migodi, potchula mayiko omwe ankachokera, Malawi ali koyambirira kwenikweni.

Achikulirewo anaimba kanyimbo kena ka kumudzi kwawo ka mkazi wodikira mwamuna yemwe anapita ku Joni, chala chachikulu chikugunda besi, cholozera chikutola nyimbo pamwamba, kaimbidwe kaja ka magitala akale a kwathu. Mwana wa mlongo wanga wamng'ono uja, yemwe sayankha m'Chichewa, anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi miyendo yawo. Pofika kachitatu amayankha nawo kolasi. Mayi ake anatuluka kupita kukhitchini, ndikudziwa chomwe anatulukira.

Lolemba

Sindinapite kulikonse. Magetsi anazima m'mawa, ndinakhala pakhonde padzuwa ndi bulangete ndi kope. Masamba 40 aja ndawawerenganso ndipo ndaona vuto lake, munthu wanga wa kumgodi amalankhula ngati buku, chifukwa ndinkamuganiza m'Chingerezi kenako n'kumumasulira. Agogo sankalankhula choncho. Ndasunga masamba atatu okha.

Lachiwiri, Soweto

Alamu anapempha tsiku kuntchito kuti andiperekeze. Vilakazi Street ndi ya alendo tsopano, malesitanti, ogulitsa zosemasema, anyamata ovina kuti uwaponyere kenakake, nyumba ya Mandela nambala 8115 anthu ali pamzere kujambulitsa. Ambiri amaidziwa ngati msewu womwe munakhala Mandela ndi Desmond Tutu. Ine chinandikoka ndi mwini dzinalo. B.W. Vilakazi anali mphunzitsi komanso mlakatuli, ankaphunzitsa ku Wits, anapeza digiri ya udokotala wa zolembalemba mu 1946, ndipo ndakatulo zake ankalemba m'Chizulu pomwe akanatha kulemba m'Chingerezi n'kutchuka msanga. Mphunzitsi mnzanga, ndinatero mumtima.

Kuchoka apo n'kuyenda pang'ono kufika ku Hector Pieterson Museum. Nkhani yake mukuidziwa koma mwina chomwe ambiri timaiwala ndi chomwe chinayambitsa. Inali nkhani ya m'kalasi. Boma linalamula kuti masamu ndi maphunziro ena aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, chilankhulo chomwe ana ambiri ngakhale aphunzitsi awo sankachidziwa bwino, ndipo pa 16 Juni 1976 ana anatuluka m'makalasi ndi zikwangwani zolemba pa makatoni. Apolisi anawombera. Hector anali ndi zaka 12, msinkhu wa mwana wa Sitandade 7. Chithunzi chija anajambula Sam Nzima chili panja chachikulu, mnyamata atamunyamula akuthamanga, mlongo wake pambali dzanja m'mwamba. M'kati muli kabwalo komwe anamwaza timiyala tolembedwa mayina a omwe anafa. Ndinawerengako mpaka ndinasiya.

Sindikufananiza zathu ndi zawo, kumeneko kungakhale kunyoza magazi a ana amenewa. Kwathu palibe anaombera mwana chifukwa cha chilankhulo. Koma monga mphunzitsi sindikanatha kuima pamenepo osaganiza za mwana wa Sitandade 1 wa kumudzi kwathu, poti mu 2014 unduna unalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, mwana woti kunyumba sanamvepo Chingerezi chilichonse. Komanso ndisadzinamize kuti Chichewa ndi cholira chokhachokha. Kuyambira 1968 pomwe chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo anzathu a kumpoto, Ayao, Alomwe, Asena anamva zomwe ine ndamva m'teksi sabata ino, anazimvera kwawo komwe. Mkulu wa ku Mzimba uja wa m'nkhani ya mnyamata wanga uja, mu sewero adzapemphera m'Chitumbuka chake, sindidzamumasulira.

Pobwerera tinadutsa pa nsanja ziwiri za Orlando zija zopakidwa zithunzi, alamu akundionetsa uku ndi uku, koma mutu wanga unali kale pa siteji. Benchi imodzi. Bokosi lachitsulo limodzi, likhale basi, likhale bedi la simenti, likhale ndege ya ku Francistown. Anthu awiri, gogo ndi mdzukulu, wina anapita ndi Wenela wina ndi transipota, msewu umodzi.

Lachitatu, m'basi

Katundu wa anthu obwerera kumudzi ndi nkhani payokha, mafiriji, matiresi, njinga, zidebe za penti, matumba aja amizeremizere omangidwa ndi tepi dzina ndi nambala ya foni zolembedwa ndi maka. Ngolo ya kumbuyo yadzaza mpaka tachedwa kunyamuka ndi maola awiri. Mlongo wanga wandipatsira mabulangete awiri a mayi ndi nsapato za ana. Sitinatsanzikane bwinobwino, anangoti mukafike, mukawauze mayi kuti Disembala ndiyesetsa, n'kutembenuka msanga.

Mnyamata wanga uja anathawako kuntchito n'kufika basi itatsala pang'ono kunyamuka, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Wandipatsa envelopu ya mayi ake ku Balaka ndi kafoni kakang'ono ka mng'ono wake. Ndinamuuza kuti seweroli likatheka dzina lake lidzakhala pamwamba pa langa. Anati, "Aphunzitsi, bola mudzapeze mwana wodziwa kusewera transipota, ameneyo ndi wovuta, amafunika akhale wokoma pakamwa mpaka iwe womvera umukhulupirire." Ndalemba zimenezo m'kope momwe wanenera.

Tadutsa Pretoria tsopano, dzuwa likulowa kumanzere. Mauthenga ake alowa pa WhatsApp, asanu ndi awiri, wina wa mphindi 11. Mahedifoni ndinaiwala ku Mayfair pa tebulo, ndiye ndatsegula motsitsa foni ili kukhutu, koma bambo omwe ndakhala nawo amva n'kunena kuti takwezani pang'ono achimwene, nafenso tinadutsa pomwepo. Ndakweza. A mpando wa kutsogolo atembenuka, wina kumbuyo wafunsa kuti anali transipota uti ameneyo. Kope lili pabondo, basi ikugwedeza ndiye zolemba zikupindika, koma ndayamba. Mzere woyamba ndi wake, momwe wayambira iye: "Tinanyamuka Lachinayi, mayi anga akuganiza kuti ndikupita ku Lilongwe."